Kusoka Dziko ndi Kamera: Zinthu 12 Zodabwitsa za Zithunzi za Panorama

Amene anakwerapo phiri atanyamula kamera amakudziwa kukhumudwa kumeneku. Wafika pamwamba uli wefuwefu, dziko lonse lagona kunsi kwako: midzi, madimba, mtsinje ukung'anima, mapiri ena akuzimirira chakutali uko. Ujambula. Ukayang'ana chimene chatuluka, ndi kachibenthu chabe, ngati wasuzumira pa kabowo ka mpanda. Njira yothana ndi vutoli ndi yakale: kujambula zithunzi zingapo zotsatizana ukutembenuka pang'onopang'ono, kenaka n'kuzilumikiza m'mbali monga telala alumikizira nsalu, mpaka zikhale chithunzi chimodzi chachitali chotchedwa panorama.

Ntchitoyi ndimaikonda kwambiri, ndipo chimene yandiphunzitsa n'chakuti chovuta chake chagona pa nthawi. Chithunzi wamba chimagwira kamphindi kamodzi. Panorama imangooneka ngati kamphindi kamodzi, pomwe m'kati mwake muli timphindi tambiri tosokedwa pamodzi, ndipo pakati pa koyamba ndi komaliza mtambo wayenda, mthunzi watalika, ng'ombe yadzutsa mutu.

1. Dzinali ndi lakale kuposa kamera

Amene analibweretsa ndi Robert Barker, mmisiri wojambula ndi utoto wa ku Ireland. M'chaka cha 1787 analandira chikalata cha boma la Britain choteteza luso lake, lomwe linali kujambula mzinda wonse pansalu yaikulu yozungulira khoma la nyumba, woonera n'kuima pakati. Anayamba ndi mzinda wa Edinburgh, ndipo mu 1793 anatsegula nyumba yozungulira ku Leicester Square mu London. Anthu ankalipira pakhomo, n'kudutsa m'kanjira kamdima, n'kutulukira pansanja pakati pa chithunzicho. Kuwala kunkalowera kudenga, ndipo malire a nsaluyo, kumwamba ndi kunsi, anali obisika kuti diso lisapeze pogwira. Liwulo analiumba kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza "zonse" ndi "chooneka". Luso lojambula ndi kamera linalengezedwa ku Paris mu 1839, patatha zaka 52 chilandirireni Barker chikalata chija.

2. Mutu wanu umasoka panorama tsiku lonse

Maso awiri pamodzi amakuta pafupifupi madigiri 200 kuchokera kumanzere kufika kumanja, koma mbali imene imaona bwinobwino ndi ya madigiri 2 okha, kukula kwake ngati chala chachikulu mutatambasula dzanja. Kwina konseko n'chimbuuzi. Ndiye diso limadumphadumpha, pafupifupi katatu pa sekondi, ubongo n'kumalumikiza tizidutswato osatiuza. N'chifukwa chake panorama yabwino imafanana ndi chimene munthu akukumbukira kuposa chithunzi wamba: nayenso paphiri paja anachita kutembenuza mutu.

3. Panorama ya mu 1848 imaonetsa nthawi pawotchi ili kutsidya kwa mtsinje

Lamulungu pa 24 September 1848, Charles Fontayne ndi William Porter anaika kamera padenga la nyumba ku Newport, m'chigawo cha Kentucky ku America, n'kuloza kutsidya kwa mtsinje wa Ohio komwe kuli mzinda wa Cincinnati. Anajambula zithunzi 8 pa mbale zamkuwa zokutidwa ndi siliva, zotchedwa daguerreotype, ndipo zitaikidwa mondondozana zinaonetsa gombe la makilomita pafupifupi 3. Tsiku lenilenilo analipeza anthu ena patapita zaka pafupifupi 100, powerenga mayina a sitima zapamadzi zimene zinakocheza padoko n'kufufuza m'mabuku tsiku limene zonsezo zinali pamodzi.

Chodabwitsa kwambiri chinatulukira akatswiri a kunyumba yosungira zithunzi zakale ya George Eastman House ataziika mbalezo pansi pa maikulosikopu. Zikwangwani za masitolo zinawerengeka, makatani a m'mawindo anaoneka, ndipo wotchi ya pansanja ya tchalitchi, yomwe pambalepo ndi kadontho chabe, inaonetsa 1:55. Mbalezo zikusungidwa ku laibulale ya mzindawo mpaka lero.

4. Mzinda umodzi unajambulidwa kawiri, uli moyo ndiponso utapsa

Mu 1878 Eadweard Muybridge, yemwe amadziwika kwambiri ndi zithunzi za hatchi yothamanga, anakwera pansanja ya nyumba ya Mark Hopkins paphiri la Nob Hill n'kujambula mzinda wa San Francisco kuzungulira mbali zonse. Anagwiritsa ntchito magalasi 13 akuluakulu, ndipo panorama yake inapitirira mamita 5 kutalika. Nthawi imeneyo galasi lililonse ankalipaka mankhwala pomwepo, kulilowetsa m'kamera likadali lonyowa, n'kulitsuka lisanaume. Ntchito yotero inkadya maola, dzuwa likuyenda pamwamba pa mzindawo, moti mithunzi ya pagalasi loyamba siyang'ana kumodzi ndi ya pagalasi lomaliza.

Pa 18 April 1906 chivomerezi chinagwedeza mzindawo, moto n'kumaliza zotsala, ndipo nyumba ya Hopkins ija inapsa nawo. Patapita masabata 6, George Lawrence wa ku Chicago anabwera ndi kamera yolemera makilogalamu 22, n'kuikweza m'mwamba mamita mazanamazana ndi makaiti omangidwa motsatizana pachingwe chimodzi. Anaijambulitsa ali pansi, potumiza magetsi kudzera m'waya. Lenzi yake inkayenda yokha kusesa filimu yopindika, motero bwinja lonselo linalowa m'chithunzi chimodzi chopanda msoko. Ankagulitsa chilichonse madola 125, ndipo anapeza madola osachepera 15,000. Ine ndikaika zithunzi ziwirizi pamodzi mtima umandiwawa, chifukwa misewu ndi yomweyo, yowongoka bwino, koma nyumba za m'mbali mwake palibe.

5. Munthu mmodzi angathe kuoneka kawiri popanda chinyengo

Kamera ya Cirkut, yomwe inatetezedwa ndi chikalata mu 1904, inkazungulira yokha pamiyendo yake poyendetsedwa ndi sipuling'i ngati wotchi, filimu ikudutsa pa kampata kopapatiza. Ankajambulira asilikali, ana asukulu ndi misonkhano. Anthu ankawaimika mokhota ngati uta kuti pachithunzi aoneke ali pamzere wowongoka. Ana sanachedwe kutulukira kuti woima kumapeto kumene kamera yayambira angathe kuthamanga kumbuyo kwa anzake n'kukaima kumapeto enawo kamera isanafike. M'zithunzi zambiri za nthawi imeneyo muli "mapasa" otero.

Foni ya m'thumba mwanu imachita zofananazo. Kuyambira mu 2012, pamene Apple inaika panorama mu kamera ya iPhone, anthu ambiri anazolowera kusesa dziko ndi foni, yomwe imatola timizere topapatiza n'kumatimata pamene dzanja likuyenda. Galu akadutsa chakumene mukulowera amatalika ngati ng'ona; akadutsa mokumana nanu amafupika, mwina n'kutsala mutu ndi mchira.

6. Buku lina lotchuka la panorama analijambula munthu wa dzanja limodzi

Josef Sudek wa ku Prague anadulidwa mkono wamanja atavulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anayendabe mumzindamo ndi kamera yakale ya Kodak ya lenzi yosesa, ndipo mu 1959 anatulutsa buku la Praha panoramatická, la zithunzi 284. Sanathamangire nyumba zachifumu zokha. Ankapita kumalire a mzinda, kumene kuli mipanda, njanji ndi minda.

7. Chimene chimang'amba msoko ndi chinthu chili pafupi

Tambasulani dzanja, muimike chala chachikulu moyang'anizana ndi mtengo uli patali. Tsinzinani diso lamanzere, kenaka lamanja. Chala chija chidumpha uku ndi uku, pomwe chala sichinasunthe, mtengonso sunasunthe. Chasintha ndi malo amene mukuonera. Akatswiri amati parallax, ndipo ndiye mdani wamkulu wa wosoka zithunzi. Mukagwira kamera n'kutembenuka thupi lonse, lenzi imayenda mtunda wa masentimita angapo pakati pa chithunzi ndi chinzake. Pachithunzi choyamba nthambi ili kumanzere kwa nsonga ya phiri, pachiwiri ili kumanja. Kompyuta ikalumikiza phiri, nthambi imathyoka. Ikalumikiza nthambi, phiri limabenthuka.

M'lenzi iliyonse muli malo amodzi oti kamera ikazungulira pamenepo, zapafupi ndi zakutali sizisemphana. Ndi pamene pamaoneka kabowo kolowera kuwala mukasuzumira lenziyo chakumaso. Ojambula ambiri amapatchula nodal point, ngakhale dzina lake lolondola ndi entrance pupil. Bowo lomangira kamera pa tripod, miyendo itatu yoimikapo kamera, silikhala pamenepo, limakhala kumbuyo, kunsi kwa kamera yeniyeniyo. N'chifukwa chake amagulitsa kachitsulo kotsetserekapo kamera chakumbuyo mpaka malowo afike pamwamba pa pozungulira. Kupapeza n'kosavuta: zikani ndodo ziwiri, ina pafupi ina patali, zibisane. Tembenuzani kamera kumanzere ndi kumanja. Ndodo zikasiyana, sunthani kamera pang'ono, mpaka zizibisana kulikonse mwatembenukira.

Wopanda zitsulo asadandaule. Mangani ulusi kutsogolo kwa lenzi, kunsi kwake mumangeko kamwala, ndipo pozungulira muzionetsetsa kuti kamwalako kakulendewera pamwamba pa chizindikiro chimodzi pansi. Inuyo ndi amene muzizungulira kamera. Ndi foni, igwireni pafupi ndi chifuwa n'kumaipotoza pamalo amodzi m'malo motambasula manja. Ndipo ngati zonse zimene mukujambula zili kutali, monga mapiri a kutsidya kwa chigwa, vutoli silioneka n'komwe. Limabwera ndi udzu, mwala kapena mpanda umene uli pamapazi panu, zomwenso ndi zinthu zimene zimapatsa chithunzi kuya.

8. Nzeru za kamera ziyenera kuzimitsidwa

Kamera ikasiyidwa kuti idzisankhire, imayeza kuwala pachithunzi chilichonse payokha. Ikaloza kudzuwa imadetsa, ikaloza kunkhalango imawalitsa, ndipo thambo limatuluka la zigambazigamba. Choncho wojambula amayeza kuwala pambali yowala kwambiri, n'kutseka zonse: kukula kwa kabowo, liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala), mtunda wa focus ndi mtundu wa kuwala. Kamera amaiimika choimirira kuti pakhale thambo ndi nthaka zokwanira zodzadulako, ndipo chithunzi chilichonse chimabwereza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chinzake. Umenewo ndiwo mpendero wosokapo. Galasi lodetsa thambo lotchedwa polarizer amalichotsa, chifukwa limadetsa kwambiri mbali imene ili madigiri 90 kuchokera kudzuwa, ndiye pathambo lotambalala limasiya chibanga chakuda pakati.

Zikatha izi mpamene mpikisano ndi nthawi umayamba. Dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola, digiri imodzi pa mphindi 4. Kuno kwathu, kufupi ndi ikweta, limalowa chotsika molunjika, moti kufiira kwa madzulo kumene wojambula wa ku Scotland amakhala nako nthawi yaitali m'chilimwe, ife timakhala nako mphindi zowerengeka. Ine ndimayambira kumene kuwala kukusintha msanga, kumadzulo, n'kumathera kumene kwadekha. Bwato likamayenda ndimatembenuka mokumana nalo kuti lilowe kamodzi kokha. Mafunde ndiwo alibe mankhwala apafupi. Panyanja nthawi ya mwera, funde limene munaligwira likukwera pachithunzi china limakhala litasweka kale pachotsatira. Mungathe kutsegula shutter kwa masekondi angapo kuti madzi asalale ngati mkaka, kapena kuika gombe lapafupi lonse m'chithunzi chimodzi, misoko n'kugwera kutali kumene mafunde ndi ang'onoang'ono.

9. Kompyuta siidziwa kuti ili ndi phiri

Imangofuna timalo tosiyana ndi totizungulira: ngodya ya thanthwe, mphanda ya nthambi, nsonga ya denga. Njira yotchuka yopezera timalo totere, yotchedwa SIFT, anaitulukira David Lowe wa ku University of British Columbia ku Canada mu 1999. Kamalo kalikonse kamalembedwa ngati mndandanda wa manambala 128 umene susintha kwambiri ngakhale chithunzi chipendeke, chikule kapena chide. Mu 2003 Lowe ndi wophunzira wake Matthew Brown anaonetsa kuti mungathe kuthira mulu wa zithunzi zosakanikirana, pulogalamu n'kusankha yokha zimene zili za panorama imodzi, n'kuziika m'malo mwake. Pulogalamu yawo inatchedwa AutoStitch. Izi zisanachitike, anthu ankaloza okha timaloto ndi dzanja, pogwiritsa ntchito Panorama Tools, yomwe Helmut Dersch, mphunzitsi wa sayansi ku Germany, anaipereka kwaulere mu 1998. Mapulogalamu a Hugin ndi PTGui anaphukira pamenepo.

Ukadziwa zimenezi umamvetsa pamene makinawa amalepherera. Thambo lopanda mtambo lilibe pogwira. Madzi ali ndi pogwira pambiri, koma posakhazikika. Mizere ya tiyi kapena malata a denga ali ndi timalo tofanana zedi, moti pulogalamu imatha kulumikiza mzere wachitatu ndi wachisanu. Choncho pachithunzi chilichonse payenera kukhala kanthu kolimba, ngakhale kachidutswa ka phiri m'munsi mwa thambo.

Msoko weniweniwo suyenda mowongoka. Pulogalamu imaukhotetsa kuti udutse pamene zithunzi ziwirizo zikugwirizana kwambiri, kulambalala munthu kapena galimoto. Ikatero imasakaniza mitundu ya thambo pamtunda wautali, koma tinthu tating'ono ngati masamba pamtunda waufupi, kuti tisaoneke pawiri. Nzeru imeneyi anailemba Peter Burt ndi Edward Adelson mu 1983.

10. Palibe panorama yotambalala imene mizere yake yonse ndi yowongoka

Wojambula amaima pakati pa dziko lomuzungulira ngati ali m'kati mwa chipanda, pomwe pepala ndi lafulati. Yesani kuyala khungu la lalanje patebulo: lidzang'ambika kapena kutanuka. Ndi vuto lomwe opanga mapu akhala nalo kuyambira kale, ndipo njira ya Gerardus Mercator ya mu 1569 imapezeka m'mapulogalamu osokera zithunzi mpaka lero. Mukasankha kuti mizere yonse ikhale yowongoka, m'mbali mumatanuka, ndipo mukapitirira madigiri 120 mtengo wa kumapeto umanenepa mochititsa manyazi. Mukasankha kukulunga chithunzi ngati chozungulira mgolo, mitengo imaima bwino, koma msewu wowongoka umene wadutsa patsogolo panu umapindika ngati uta. Pali njira ina yapakati, yotchulidwa dzina la Giovanni Paolo Pannini, wojambula nyumba za ku Rome wa m'zaka za m'ma 1700, imene imasunga mizere yoimirira ndi yolowera pakati.

Uta wa Mlalang'amba umene mumauona pazithunzi za usiku, utayambira pansi mbali ina n'kukagwera mbali inayo, umabadwa momwemu. Kumwambako ndi mkombero waukulu wozungulira thambo lonse, ndipo woima pansi akautsata ndi maso saona kukhota. Amaukhotetsa ndi kuyala kwa papepala. Mzere wokhawo umene sufunika kukhota ndi wa chizimezime, pokumana dziko ndi thambo. Ukakhota umenewo, ndiye kuti kamera inapendekeka.

11. Malire a kukula kwa chithunzi ndi mpweya

Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Mu 2003 Max Lyons anasoka zithunzi 196 za Bryce Canyon ku Utah n'kupeza chimodzi cha timadontho topitirira 1 biliyoni, chinthu chimene chinadzidzimutsa ojambula nthawi imeneyo. Mu 2015 gulu lotsogozedwa ndi Filippo Blengini wa ku Italy linatulutsa chithunzi cha phiri la Mont Blanc cha timadontho 365 biliyoni, chochokera ku zithunzi 70,000. Kujambula kokha kunatenga maola 35 pamalo okwera mamita 3,500, ndipo kusoka kunatenga miyezi iwiri.

Sanakwere pamenepo chifukwa cha kukongola kokha. Lenzi yokokera zakutali imakokanso zonse zimene zili pakati: fumbi, utsi ndi kunjenjemera kwa mpweya wotentha. Aliyense amene anayesapo kujambula Mulanje ali ku Zomba mu October, tchire likupsa, amadziwa kuti phirilo limatha kusowa ngakhale lenzi ikhale yodula motani. Abwerenso m'mawa mvula itagwa usiku, ndi foni wamba, adzaona mikwasa ya m'matanthwe.

12. Ku Mars nakonso amadikira ola lomwelo tsiku lililonse

Galimoto ya NASA yotchedwa Curiosity inatera m'chigwa cha Gale ku Mars mu August 2012. Chakumapeto kwa November 2019 oiyendetsa anapita ku tchuthi cha Thanksgiving, ndipo galimotoyo inayenera kuima pamalo amodzi kwa masiku angapo, pamalo otchedwa Glen Torridon m'mbali mwa phiri la Mount Sharp. Mwayi wotero subwera kawirikawiri, chifukwa masiku ena imakhala ikuyenda kapena kuboola miyala. Asananyamuke anaisiyira ntchito yojambula.

Pakati pa 24 November ndi 1 December inajambula zithunzi zopitirira 1,000, zomwe anthu anadzazisoka kuno kudziko kwa miyezi ingapo n'kukhala panorama ya timadontho 1.8 biliyoni. Kujambula kwenikweniko kunatenga maola opitirira 6 ndi theka, ogawidwa m'masiku 4. Kumeneko kulibe ng'ombe yodzutsa mutu, kulibe bwato, kulibe udzu wogwedezeka ndi mphepo. Koma dzuwa limayendabe, ndipo mithunzi ya miyala imatembenuka monga inkatembenukira ya nyumba za San Francisco pamaso pa Muybridge. Choncho anailamula kuti izijambula pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko masana, pa nthawi ya ku Mars, n'kusiya, n'kudikira mawa kuti ipitirize pamene inalekezera.